Buku la Pampu ya pa Ruo

Ntchito yanga ndi ya pampu.
Esiteti inandipatsa buku, bolopeni ndi tochi
kuti m'mawa uliwonse ndizilemba pomwe madzi alekeza
pa chitsulo cha manambala chozikidwa m'mtsinje.
Ndimalemba ndithu.
Koma tsamba ndi lalikulu, nambala ndi kanthu kakang'ono.

Lolemba, chiperoni.
Phiri lafunda mpaka kumapazi.
Nantchengwa waima pa mwala wake wa masiku onse,
khosi m'mapewa, ngati mlonda amene sanalandire,
kudikira chule wochedwa kubwerera kwawo.

Lachiwiri, zigoba za nkhanu pathanthwe,
zotafunidwa, zosiyidwa mulu.
Katumbu wadyera pano usiku.
Zaka zisanu ndi chimodzi tikugawana doko limodzi,
ndamuonapo kawiri kokha:
mutu wonyowa, ndevu, kenako mizere pamadzi.

Lachitatu ng'azi inatsika m'bango
ikukoka mchira ngati thumba la feteleza wobedwa.
Inandiyang'ana, lilime lende, lende,
n'kuwolokera ku Mozambiki
osafunsa aliyense za chiphaso.

A Malikebu, kapitawo, anatsegula buku lija.
"Kodi a Sapuwa, kampani imalipira za mbalame?"
Ndinati iyayi bwana.
Anawerengabe mpaka kumapeto kwa tsamba,
nati, "Atchete amenewa, zisa makumi atatu?
Munawerenga bwino?"
Tinapita tonse kukawerenganso.
Zinali makumi atatu ndi ziwiri.

Kenako kunabwera madzi a Malichi aja.

Chitsulo cha manambala chinapita usiku woyamba.
Pampu inatsatira.
Ine ndinali pa chulu, pakati pa tiyi,
buku lili m'malaya, pamimba.
Zimene zinadutsa masiku amenewo sindinazilembe.
Zina zinali mitengo, zina mbuzi, zina malata.
Zina zinali ndi maina,
ndipo limodzi linali la Dafuleni,
amene ankawolotsa njinga ndi matumba a nandolo pa bwato
n'kumandikuwira m'mawa, "Alembi, lero mwalemba ndani?"

Madzi ataphwa, gombe linali mchenga ndi miyala yachilendo.
Bango kunalibe. Mwala wa nantchengwa kunalibe.
Ngakhale achule anasunga pakamwa.
Masamba khumi ndi asanu ndi anayi
ndinalemba tsiku lokha, n'kutseka.

Woyamba kubwera anali tombolombo,
mmodzi, wofiira,
anatera pa waya wa pampu yakale
ngati wabwera kudzapepesa maliro.
Kakowa anatsatira ng'ombe za a Namakhwa.
Anamzeze anayamba kutapa dothi pomwe panali munda wa munthu.
Apusi anatsika mu mkuyu wotsala
kudzamwa mwamantha, mmodzi akumwa, wina akuyang'ana kumtunda,
monga timachitira tonse masiku ano
mtambo ukada pa Sapitwa.

Atchete anabwera mochedwa,
namanga zisa zisanu ndi ziwiri pa nsungwi yopendekeka.
A Malikebu sanafunse za malipiro.
Anangoti, "Lembani."

Lero ndalawirira kusanache.
Pampu yatsopano ikutsokomola utsi wake,
chitsulo chatsopano chikuti madzi ali pa folo.
Ndalemba folo.
Ndiye potsuka m'manja pa doko la Dafuleni,
pamatope pomwe bwato linkagona,
mapazi: zala zisanu, zala zisanu,
mzere wa mchira pakati,
ndi mwendo umodzi wa nkhanu, ukadali wonyowa.

Ndinakhala pansi, tochi ikuyakabe ngakhale kunali kutayera.
Kutsidya mayi wina anayamba kuchapa,
phwa, phwa, pamwala umene sindikuudziwa.

Sindikudziwa ngati ndi yemwe uja
kapena mwana wake, kapena mlendo wochokera kumunsi.
M'bukumu ndangolemba kuti:
Lachinayi. Wabwera.